Maliro Osanunkha a ku Champiti

Dzuwa linali litapendeka pamene Jessie anakhala pakhonde n'kuyamba kuviika matimati m'ndowa yake yobiriwira. Mtsikanayu anabwerera kwawo ku Champiti kuchokera kukoleji atanyamula mabotolo asanu. M'menemo ankaweta tizilombo tosaoneka ndi maso, tonga yisiti ya mandasi. Ankatidyetsa shuga, ito n'kumatulutsa madzi opha tizilombo tinzake towoletsa chakudya. Matimati otsukidwa m'madziwo ankatha masabata awiri pamsika wa Lizulu ali gwa, a anzake atasanduka phala kalekale.

Mayi ake, a Lufina, sizinkawasangalatsa. Chisakasa chimene Jessie ankasungiramo mabotolowo chinkanunkha ngati thobwa losasa, ndipo ukadutsa pafupi unkamva thovu likuwira popanda moto.

"Jessie, anthu ayamba kuloza nyumba ino."

"Amayi, ndi zakusukulu chabe izi."

"Iwowo adziwa zimenezo?"

M'mwezi wa Okutobala Hannah, woyandikana nawo nyumba, anagwa kudimba dzuwa likuswa mtengo, n'kutsirizika pomwepo. Sanadwale ngakhale mutu. Mwamuna wake, Dyton, anali ku Joni, ndipo anaimba foni kuti asamuike iye asanafike. Pamaliro chiwiya sapempha, amangotola panyumba yapafupi. Amayi osambitsa mtembo anatola ndowa yobiriwira ija.

Kutentha kwa mwezi umenewo mukukudziwa. Koma tsiku lachiwiri linadutsa, lachitatu linadutsa, m'siwa muli bwinobwino, ntchentche osaoneka ndi imodzi yomwe. A Janeti, mkulu wa osambitsa, anakhudza tsaya la malemuyo n'kupeza lili lofewa ngati la munthu wogona. Nyimbo zinayamba kuzilala.

"Mukumva fungo inu?" ananong'oneza a Janeti.

"Ayi," anayankha mayi amene anakhala nawo pafupi.

"Tinamusambitsira ndowa ya yani?"

Dyton atafika tsiku lachinayi, nkhani inali itapsa kale: Jessie akusungira afiti ndiwo kuti isakawole m'manda. Anthu ndife oipa, ndinene pano. Omwewo amene ankamupempha madzi a matimati ndiwo anali patsogolo ndi miyala.

"Ndowayo ndinaitsuka ndi sopo, munalibe kanthu," anatero Jessie. "Ndipo madzi anga sangasunge thupi la munthu. Sangathe."

Palibe anamumvera, koma iye mawu akewo anamusiyira funso. Ngati si madzi ake, chinagwira Hannah n'chiyani? Anthu anaswa mabotolo, thovu likuyenderera pabwalo, n'kutentha chisakasa. Dyton anati mfiti ikapezekanso pamudzi mawa, nyumba ipsera pamodzi ndi eni ake.

"Tichoke tonse, amayi," anatero Jessie usiku womwewo.

"Ndipite kuti pa msinkhu uno? Kwathu n'kuno."

"Ndiye ine ndichoke. Ndikachoka akusiyani."

M'mawa mwake Jessie anakwera minibasi pa Nsipe akulira, ndipo mudzi unapumira m'mwamba.

Mtenderewo unatha miyezi itatu. Mu Januwale a Emma, mayi wamphamvu zake, anagwa akupalira chimanga, kugwa kwake kofanana ndi kwa Hannah. Ulendo uno osambitsa anachenjera: anagula ndowa yatsopano, madzi anatunga okha pamjigo. Anthu anadikira ana a malemu masiku atatu, kunja kukutentha, mvula ikuwopseza. M'siwa munali bwinobwino. Ntchentche zinkafika pakhomo n'kubwerera.

A Lufina sanaitanidwe kumaliroko. Anali pakhonde akusankha nyemba pamene anamva nyimbo yadukira pakati. Atadzutsa mutu anaona a Janeti atatuluka m'siwa, akuyang'ana kunyumba kwa a Lufinawo. Amuna anayamba kudzuka mmodzimmodzi n'kulowa kanjira kobwera kwawoko, ena akuwerama kutola kanthu pansi.

Mayiwo anaika lichero pansi n'kumasula foni pamfundo ya chitenje. Anapeza dzina la Jessie, chala chili pomwepo. Anadziwa kuti mwanayo akangomva mawu awo akwera minibasi yoyamba kubwerera kuno.

Anaithimitsa foniyo, n'kukhala pansi kudikira.