Tebulo Losaterapo Ntchentche

"Tebulo langa lidzawala ngati galasi!" anatero Kamlomo. "Palibe adzalikhudze lisanaume. Ngakhale ntchentche sidzaterapo!"

Kamlomo anali kamtsikana kakang'ono. Koma pakamwa, eee! Pakamwa pake panali pa munthu wamkulu. N'chifukwa chake onse ankamutcha Kamlomo.

Amayi ake anali kuchipatala. Anali atabereka mwana. Kamlomo ankawasowa kwambiri.

Pabalaza panalibe tebulo loikapo makapu. Amayi ankaika tiyi wao pansi. Wina akadutsa, phazi gu! Tiyi khuthu! Kamlomo ankafuna kuti amayi akabwera, apeze katebulo kokongola.

Malume ake anali kalipentala. Anali ndi matabwa. Anali ndi sowo. Analinso ndi pensulo yomwe inkakhala kukhutu.

"Malume, inu muzidula," anatero Kamlomo. "Ine ndizilamula."

"Pepani bwana," anatero malume. "Kuno olamula amagwiranso ntchito."

Malume anadula matabwa. Utuchi unagwa pansi. Anadula miyendo yaifupi. Kamlomo anapaka guluu. Anapaka pathabwa. Anapaka pachala. Anapakanso pamphuno!

Malume anakhoma misomali. Kho! Kho! Kho! Tebulo linaima lokha.

"Latha!" anakuwa Kamlomo.

"Silinathe, bwana. Taligwireni."

Kamlomo analisisita. Linali lokhakhala ngati chibwano cha malume.

Malume anamupatsa sandipepa. Kamlomo anakwecha. Anakwecha pamwamba. Anakwecha m'mbali. Anakwecha mpaka mkono unatopa. Ngakhale pakamwa panatopa. Malume anati zimenezo sanazionepo chibadwire.

Tsopano tebulo linali see, kusalala.

M'mawa mwake malume anatsegula chitini cha vanishi. Fungo lake linali lamphamvu. Kamlomo anaviika burashi. Anapaka pang'onopang'ono. Thabwa linasanduka lofiirira. Linayamba kunyezimira.

Kenaka kumwamba kunada. Mvula inayamba kuwaza. Malume ananyamula tebulo mosamala. Analiika pabalaza, pafupi ndi mpando wa amayi.

"Kukazizira chonchi, vanishi amachedwa kuuma," anatero malume. "Mulondere, bwana."

Kamlomo anatenga chikatoni chokupizira. Anaima pambali pa tebulo ngati msilikali.

Mphaka anabwera. Anakweza kaphazi.

"Iyayi! Vanishi sanaume!"

Mphaka anachoka, mchira uli m'mwamba.

Abambo anabwera. Ankapita kukatenga amayi. Anafuna kuika chipewa patebulo kuti amange nsapato.

"Iyayi, ababa! Vanishi sanaume!"

"Pepani a polisi," anatero abambo. Anamanga nsapato chipewa chili kukamwa.

Ntchentche nayo inabwera. Inazungulira. Inazunguliranso.

"Iyayi! Iwe ndiye ayi ndithu!"

Kamlomo anakupiza chikatoni. Ntchentche inathawa. Inakatera pamutu pa malume.

Kamlomo anadikira. Miyendo inawawa. Njala inamupweteka. Koma sanasunthe. Tebulo linali mbee, kuwala. Panalibe chala. Panalibe phazi. Panalibe ngakhale kafumbi.

Kenaka chitseko chinatseguka.

"Odi kuno!"

Anali mawu a amayi! Anali atakumbatira kanthu m'shawelo yoyera. Anayenda pang'onopang'ono. Anakhala pampando wao.

Amayi anaona tebulo. Anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Tebulo lokongola chonchi lachokera kuti?"

"Ndapanga ndine!" anatero Kamlomo. "Malume anangothandiza pang'ono."

Malume anatsokomola. "Zoona. Pang'ono zedi."

M'shawelo munamveka kulira. Ng'aa! Kadzanja kanatuluka. Kanali kakang'ono kuposa supuni. Kamlomo anayang'anitsitsa. Pakamwa panangoti kakasi.

"Uyu ndi mlongo wako," anatero amayi. "Ukufuna kumunyamula?"

Kamlomo anagwedeza mutu movomera.

"Khala pansi kaye, mwanangu."

Kamlomo sanayang'ane kumbuyo. Maso ake anali pa mwana. Anabwerera pang'ono. Anakhala. Amayi anamuika mwana m'manja.

Mwana anali wofunda. Anali wopepuka. Anagwira chala cha Kamlomo. Anasiya kulira.

Abambo anayang'ana malume. Malume anayang'ana kudenga. Mapewa ao ankagwedezeka.

"Bwana," anatero malume, "kodi mpando umenewo ndi wabwino?"

"Eya, Malume. Koma ukuzizira pang'ono."

Amayi anatenga mwana. Kamlomo anafuna kuimirira. Diresi linakana. Anakoka. Tebulo nalo linadzuka!

Abambo anaseka. Malume anaseka mpaka pensulo inagwa. Amayi anaseka misozi ili mbwe, nakumbatira Kamlomo ndi dzanja limodzi.

"Usalire, mwanangu. Tebulo langa ndalikonda."

"Mawa tidzakwechanso," anatero malume. "Koma lero, bwana, pateradi ntchentche yaikulu!"

Kamlomo anayang'ana kumbuyo. Tebulo linali likumugwirabe diresi. Nayenso anayamba kuseka.