Munthu Wotsogolera Motoka M'madzi

Tinafika pa Luangwa Bridge dzuwa litapendeka, azimayi ogulitsa nsomba zouma akuyatsa makandulo pa matebulo awo. Fungo lake linandibwezera ku ubwana, pakuti ndinali nditatha zaka makumi awiri ndi ziwiri ku Joni ndikuyendetsa malole. Koma sindinkabwera kudzacheza. Kumbuyo kwa vaneti yobwereka kunali bokosi la mkazi wanga Alzira, amene anamwalirira m'chipatala ku Lusaka. Ndinali nditamulonjeza kuti adzagona kwawo ku Kavalamanja, pafupi ndi amayi ake. Achibale ena anatsogola pa basi ya m'mawa. Ine ndinatsala ndi mlongo wake, a Bonifasio, kudikira mapepala.

A Bonifasio sanandilankhule kuchokera ku Lusaka. Kwa iwo ndinali munthu amene anatenga mlongo wawo ali mtsikana n'kudzamubweza m'bokosi.

Pamphambano yolowera ku Feira, anthu anali atagoneka nthambi kudutsa msewu wonse. Malole atatu anali ataima pambali. Mayi wina wogula nsomba, amene madalaivala ankamutchula a Genoveva, anabwera pawindo.

"Atate, kutsogoloku kulibe njira. Mvula yakhala ikugwa kumapiri kuyambira masana. Basi ya m'mawa ndiyo yomaliza kudutsa. Gonani pano."

Ndinazimitsa injini. Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Paphiri la pakati pa Joni ndi Durban, nyengo yozizira, chipale chofewa chimagwa mpaka msewu kusowa, ndipo amautseka. Ndinagonapo kambirimbiri m'lole nditafunda mabulangete awiri. Sindinalambalalepo chotchinga. Amene ankalambalala tinkawapeza m'maenje kutacha.

"Mwazimitsiranji?" anafunsa a Bonifasio.

"Njira yatsekedwa, alamu."

"Manda akumbidwa kale. Zaka zonsezi mwamugoneka m'maiko a eni, manje mukufuna agone pamsewu pakati pa nsomba zouma? Ndi kutentha kumeneku?" Anayang'ana kunja. "Ndimayesa ndinu dalaivala wamkulu."

Ndinatsika, ndinakoka nthambi ziwiri, ndinadutsa. Pagalasi ndinaona a Genoveva akuzibwezera m'malo mwake.

Mvula inatipeza titayenda ola limodzi. Nthawi imeneyo msewuwo unali usanaikidwe phula. Ndinayenda pa giya yachiwiri, osaponda buleki mwamphamvu, matayala akuterera ngati pa sopo. Mdima unagwa msanga. Sitinakumane ndi motoka, njinga, ngakhale mbuzi.

Kenako malaiti anagwera pamadzi. Panali pakamtsinje kamene msewu umatsikira pansi n'kuwoloka pa simenti. Chilimwe pamakhala mchenga wokhawokha. Usiku umenewo tsidya linalo silinkaoneka.

Kwathu kuno dalaivala salowa m'madzi otere yekha. Munthu mmodzi amatsogola wapansi ndi ndodo, akugogoda simenti. Dalaivala amayang'ana miyendo yake. Madzi akalekeza m'mawondo, motoka imadutsa. Akafika m'chiuno, mumabwerera.

"Alamu, tsogolani ndi ndodo," ndinatero.

"Ine? Madzi akadzaza chonchi ng'ona zimakwera kuchokera ku Luangwa. Mwandiphera mlongo, mukufunanso ine?"

Tili chikhalire, munthu anatulukira kumanzere n'kuima m'kuwala kwa malaiti. Anali atavala thumba la fetereza kumutu ngati chipewa, kabudula, ndi ndodo yaitali m'manja. Sanatiyang'ane. Anangokweza dzanja, kutikodola, n'kulowa m'madzi.

"Mwaona," anatero a Bonifasio. "Kuno kudakali anthu. Tsatirani."

Ndinaika giya yoyamba. Munthuyo ankayenda mosathamanga. Madzi ankamulekeza mu akakolo. Ndinamutsatira.

Matayala akutsogolo anamira. Iye madzi ali mu akakolo.

Madzi anayamba kumenya chitseko changa. Ndinamva motoka ikupepuka kumbuyo. Ndinayang'ananso miyendo ija. Mu akakolo momwemo. Ndodo yake inkakwera ndi kutsika, koma sinkanyowa.

Madzi ozizira analowa m'nsapato zanga.

"Pondani mafuta," anatero a Bonifasio. "Simukuona kuti mposaya?"

Phazi langa linali litayamba kale kutsika. Pamenepo china chake chinagogoda kumbuyo kwa mpando wanga, kuchokera kumene kunali bokosi. Kawiri. Kenako kachitatu, mwamphamvu, mpaka chitsulo chinanjenjemera pamsana panga. Bokosilo ndinalimanga ndekha ndi zingwe zinayi, mfundo za pa lole. Silikanasuntha.

Ndinaponda buleki. Munthu uja anaimanso, ngakhale sanacheuke kuti aone.

Ndinabweza motoka chambuyo, injini ikutsokomola, mpaka matayala anagwira miyala yakumtunda. Pomwepo inazima. Malaiti okha anatsala.

Munthuyo anatembenuka n'kuyamba kubwerera. Sanavutike ndi madzi amene ankakokolola mitengo pambali pake. Anafika pawindo langa. Thumba lija linkaphimba nkhope yake, ndinangoona chibwano chotuwa ngati cha munthu amene wakhalitsa m'madzi. Windo linali lotseka, koma mawu ake ndinawamva ngati ali m'kati.

"Ine ndalowa. Inunso lowani."

A Bonifasio anali atakhoma chitseko chawo, akunong'ona pemphero la Chipwitikizi limene amayi awo ankapemphera.

Munthuyo anayenda cham'mbali mwa motoka, ndodo ikukhula pa chitsulo. Kukhulako kunalekera kumbuyo. Kenako ndinamva chingwe chikulira, monga chimachitira munthu akamamasula mfundo yonyowa.

"Alamu, akumasula bokosi."

"Musatsegule chitseko," anatero. "Ndakuuzani, musatsegule."

Ndinatsegula. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Koma Alzira ananditsatira ku Joni ali ndi zaka makumi awiri, osadziwa chinenero, ndipo sanandisiyepo ndekha m'chipinda cha lendi ngakhale pamene ntchito inatha. Ndinakwera kumbuyo, ndinagona chafufumimba pabokosi, manja onse atagwira zingwe.

Sindinaone munthu. Koma chingwe cha kumiyendo chinkakokedwa. Chikakokedwa, ine ndinkakoka. Chikaleka, ndinkamva kupuma pafupi ndi khutu langa, ndi fungo la matope a pansi pa mtsinje. Malaiti anafiira, n'kuzima. Mvula inandimenya pamsana usiku wonse. Ndinkalankhula ndi Alzira, kumuuza malo amene tinali titadutsa ndi amene atsala, monga ndinkachitira tikamabwera kutchuthi iye ali m'tulo.

Kutacha madzi anali atatsika. Zingwe ziwiri zinali zitamasulidwa n'kukulungidwa bwinobwino pansi, pambali pa tayala. Ndinatsikira kumtsinje. Mapazi a matayala athu ankalekera pamphepete. Kutsogolo kwake simenti inali itapita yonse. Panali dzenje loti munthu wamtali akaimamo, dzanja lake silingafike pamwamba.

Amuna a m'mudzi wapafupi anabwera. Wamkulu wawo, a Yotam, anayang'ana dzenjelo, anayang'ana zingwe, ndipo sanafunse zambiri. Amunawo anasenza bokosi pamapewa, kuwolokera kumtunda kumene kuli miyala. Tsidya linalo tinapeza thirakitala yopita ku Boma la Feira, ndipo kuchokera kumeneko tinakwera bwato kukwera Zambezi. Alzira anaikidwa tsiku lotsatira, pafupi ndi amayi ake.

Tili pamaliro, azimayi ankanong'onezana kuseri kwa nyumba. Ena ankati ndi msodzi amene dalaivala wina wa lole anamutuma kutsogola pamalo pomwepo zaka zapitazo. Madzi atamutenga, dalaivalayo anangotembenuza lole n'kupita, osauza munthu. Akuti msodziyo sasankha. Aliyense wogwira chiwongolero ndi wake, ndipo akalephera munthu amatenga katundu. Ena ankati ayi, zimenezo zimatsata munthu amene wakhalitsa kunja, mtsinje sumudziwanso.

A Bonifasio anali ndi nkhani yawo. Anauza anthu kuti mlamu wawo anachotsa nthambi pamsewu ndi manja ake, pofuna kuonetsa udalaivala wa ku Joni, ndipo Alzira anagogoda kuti apulumutse mlongo wake. Anthu anandiyang'ana. Sindinatsutse, pakuti nthambizo ndinachotsadi ndine.

Mpaka lero sitilankhulana. Ndikakumana nawo pamsika wa ku Boma amayang'ana kumbali, ndipo nkhani yawo ndi imene anthu amaidziwa. Ine sindinauzepo aliyense mbali imene Alzira anagogoda. M'motoka muja a Bonifasio anakhala kumanzere. Kugogoda konse katatu kunali pamsana panga.