Laputopu Yowamba ya Tamanda

"Ndiye mukuti munaitembenuzanso?"

"Eya, kuti iume mbali zonse," anayankha Mayi Agnesi, amayi ake a Tamanda, maso ali pansi. "Nanga nsomba umawamba mbali imodzi?"

Tamanda anangokhala pansi pafumbi pomwepo. Kulira ayi, kukalipa ayi. Anangoti kukamwa yasa, kuyang'ana laputopu yake ili pansanja pakati pa milamba, utsi ukufuka bwinobwino. Pepani anthuni, ine ndikulemba izi ndikuseka ndekha, koma mwiniwake tsiku limenelo sanaseke olo pang'ono.

Zinayamba chonchi. Tamanda anali chaka chachitatu ku yunivesite ku Blantyre, amaphunzira za makompyuta. Atatsekera anakwera minibasi mpaka pa Bangula, kenako bwato lowolokera kwawo ku Chiromo. Bwato lake lodzaza, matumba a chimanga, njinga, ndi mbuzi yomwe. Chikwama anachiika pansi pa mapazi osadziwa kuti bwatolo likulowa madzi. Pofika kunyumba anali atatheratu, dzuwa la kwathu kuno mukulidziwa. Anangomwa madzi, kuyala mphasa pansi pa nimu, basi tulo.

Amayi ake, amene ntchito yawo ndi kuwamba nsomba ndi kugulitsa, anapeza chikwama chikudontha. Zovala anayanika pachingwe. Mabuku anayala padzuwa. Nanga chimakina ichi, chimene mwana amati popanda icho palibe sukulu? Anachipukuta ndi chitenje, madzi akutulukabe m'timabowo. Ndiye anaganiza okha kuti chonyowa ndi chonyowa basi, ndipo pansanja moto unali woyaka kale. Anachiika chakumapeto, malo a ulemu, kumene amaika nsomba zonona kuti zisapserere.

Panopa mabatani anali atafufuma ngati mbuliwuli. Sikirini itachita matuza. Mphira imene Tamanda ankamangira chivundikiro itasungunuka. Koma fungo lake, abale! Munthu ukanafuna ndiwo.

"M'menemo muli pulojekiti yanga ya semesita yonse," anatero Tamanda ndi mawu otsika. "Basi Amayi, zatha. Sindibwererako."

"Usatero mwananga."

"Ndatopa, Amayi. Si lero lokha ayi."

Ndipo anali atatopadi. Ku Blantyre ankagona kachipinda kakutali ndi sukulu, kuyenda wapansi mamawa ndi madzulo. Masana anzake akamapita kukadya iye amatsala mu labu ya makompyuta, ati ndikumaliza kaye izi, chonsecho m'mimba muli pululu. Laputopuyo anapatsidwa ndi amalume ake ili yotha kale, imazima yokha ngati munthu wokomoka. Mayeso ena anakhoza mwa mwayi chabe. Mnzake wapamtima Praise, amene ankachita naye pulojekiti, anali atamuuza mpaka kutopa kuti apite ku Tisasiyane. Limeneli ndi gulu limene anayambitsa ana asukulu akale a za makompyuta. Amabwereketsa malaputopu, amapereka chakudya chamasana, ndipo a chaka chomaliza amathandiza amene zikuwavuta m'kalasi.

Koma Tamanda ayi ndithu. Chitseko cha Tisasiyane chinali pafupi ndi labu, aliyense amaona amene akulowa. Ndipo chaka choyamba mnyamata wina atamva kuti kwawo ndi ku Nsanje anaseka, ati, "Oo, ndinu aja mumadikira madzi asefukire kuti mulandire mabulangete?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Kuyambira tsiku limenelo Tamanda analumbira mumtima kuti palibe adzamuone akulandira kanthu, olo cholembera.

Mawa lake laputopu ija itawambidwa, Tamanda anadzuka, kuvala chitenje, kusenza dengu la milamba. Amayi ake anangomuyang'ana. Anapita limodzi kumsika.

Kumsika ndiye kunali kovuta. Aliyense wodutsa, "Aaa, a kompyuta abwera liti?" Mayi Ethel ogulitsa tomato anabwera ndi foni yawo kuti awaonere chifukwa chake siikulira. A Petro a kabaza anaima, ati, "Ukamaliza udzatikonzere zoti anthu azitiitana pafoni, tatopa kuwauka padzuwa." Tamanda amangomwetulira mano okha, uku akuingitsa ntchentche. Amayi ake, amene masiku onse amachita kuimba za mwana wawo wa ku yunivesite, tsiku limenelo anali zii. Mayi wina anawanenerera mpaka kutenga mlamba waukulu ngati waulere, iwo osatsutsa olo kamodzi. Apo ndi pamene Tamanda anadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Dzuwa litafika paliwombo, msika utazilala, Mayi Agnesi anayamba kulankhula osamuyang'ana.

"Ukudziwa, dzulo lija Mabel anali pakhomo pawo."

"Mabel uti?"

"Mphunzitsi uja, mpongozi wa a Duncan. Ali nayo kompyuta ngati yakoyo. Ndinainyamula yako, ndinafika mpaka pa mpanda pawo kuti ndimufunse kuti kodi izi zikanyowa amatani." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye ndinabwerera."

"Chifukwa?"

"Manyazi, mwananga. Ndinati aziti chiyani, mayi wa mwana wa ku yunivesite osadziwa kuumitsa kompyuta? Ndinati ndichita ndekha, nanga ndayamba lero kuumitsa zinthu?" Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kosakoma. "Pakamwa ndinali napo. Mpanda unali pomwepo."

Tamanda anayang'ana manja a amayi ake, akuda ndi utsi, zala zong'ambika ndi minga ya milamba. Anayang'ana dengu. Anafuna kunena kuti, Amayi, inunso mungachite manyazi ndi zazing'ono ngati zimenezo? Koma anakumbukira chitseko chija chapafupi ndi labu, mmene ankachidutsira mothamanga, mutu uli kumbali, njala ikumupweteka.

"Mphepo yake lero kulibe," anatero amayi ake, kungofuna kuthetsa zii.

"Kulibedi."

Atafika kunyumba Tamanda anatenga laputopu ija, anaiika pamphasa, pambali pake anaikapo mlamba umodzi kuti zifanane bwino, n'kujambula. Kenako anakwera pachulu chakuseri kwa nyumba, poti netiweki kwathu kuno imakhala pachulu. Analemba, kufufuta, kulembanso. Pomaliza anatumiza chithunzi chija kwa Praise ndi mawu awa: "Amayi andiwambira laputopu. Usaseke. Ndinafuna kusiya sukulu. Ku Tisasiyane kuja akulandirabe anthu? Undiperekeze, ndekha sindingalowe."

Anakhala pachulupo, nyerere zikumuluma, osasuntha. Pansi amayi ake ananamizira kusesa malo amodzimodzi, maso ali kuchulu.

Foni inalira. Tamanda anawerenga, n'kugwira pakamwa. Mapewa anayamba kugwedezeka. Amayi ake anataya tsache, kuganiza kuti mwana akulira.

"Chavuta n'chiyaninso?"

"Dikirani ndikuwerengereni," anatero Tamanda, misozi ili mbwe, koma ya chiseko. Ndipo anawerenga mokuwa, ali pachulu pomwepo:

"Kkkkkk Tamanda wandipha, ndagwa pabedi!! Uwauze amayi kuti yapsa bwino, yangosowa mchere. Iwe usiye sukulu ine nditsale ndi ndani? Theka la pulojekiti ndili nalo, Edmund wa chaka chomaliza akuti ubwere nacho chimtembocho mwina zam'kati sizinapse. Ndipo chitsiru iwe, ukuganiza laputopu yangayi ndinaitenga kuti? Ku Tisasiyane komweko, chaka choyamba. Tikatsegulira tikalowa limodzi, chitseko chapatsogolo. Koma milamba ubwere nayo, osati ya mabatani ayi."