Waya Wachikasu

Tsiku limene Kalisto analowa koyamba m'kashopu ka Enid, kuseri kwa depoti ya Mangochi, anayang'ana uku ndi uku ngati wataya chinthu.

"Pepani achemwali, amisiri apita kuti?"

Enid sanadzutse n'komwe mutu. Funso limeneli anali atalimva kambirimbiri, koma linkamunyansabe.

"Mwawapeza. Nenani vuto lanu."

Mnyamatayo anaseka mwamanyazi n'kuika patebulo wailesi ya m'galimoto, ija yokhala ndi sikirini, yobwera ndi galimoto za ku Japan. Anati kwawo ndi ku Ntcheu ndipo amayendetsa galimoto ya loji ina ku Nkopola. Ankafuna kuti alendo azionera kanema paulendo, koma kumbuyo kwa wailesiyo kunalibe pobaya waya wa zithunzi.

"Amisiri awiri andibweza kale. Akuti sizingatheke."

"Amuna?"

"Eya."

"N'chifukwa chake. Dikirani ndiione."

Enid atailumikiza ku batire, wailesiyo inayaka ndipo mawu a mzimayi anayamba kulankhula Chijapanizi mwaulemu kwambiri.

"Nanga akulankhulawa ndi mayi akunyumba?" Enid anafunsa.

"Ameneyu ndiye mkazi yekhayo m'moyo wanga," anatero Kalisto atagwira pamtima. "Timangokhala, koma sitimvana chinenero."

Enid anayesa kudzigwira, koma kuseka kunamupulumuka. Tsoka la mtsikana wa ku Malindiyu linayambira pomwepo.

Kasoketi kachikasu kofunika pa ntchitoyo kanali koitanitsa ku Limbe, choncho Kalisto anabwerera nayo wailesi yake. Koma Loweruka lililonse ankatulukira, ati kudzafunsa ngati kafika. Kodi foni analibe? Anali nayo, ndipo mauthenga ake sankadutsitsa tsiku.

"Injiniya wanga, wadzuka bwanji? Mtima wanga waduka waya, ubwere udzaulumikize."

"Usandisokoneze, ndili pantchito," Enid ankayankha, kwinaku akuwerenganso uthengawo kachitatu.

Sanadziwe kuti "inu" anasanduka liti "iwe". Anangozindikira kuti kasoketi kanafika kalekale, kali m'dilowa, ndipo iye sananene poopa kuti ntchito ikatha maulendo a Loweruka athanso.

Zena, mnzake wogulitsa zitenje pashopu yoyandikana, ankaona zonsezi.

"Mwali, dalaivala ameneyu lilime lake ndi la shuga. Kwawo unafikako?"

"Wandilonjeza kuti Khirisimasi ino tipita."

"Wallahi, pamaso pa Mulungu, ine sindinena zambiri. Ungotsegula maso."

Tsiku lina Kalisto, pofuna kudzionetsa kuti nayenso amatha, anatola chowotcherera mawaya mosayang'ana n'kuchigwira kotentha. Anadumpha ngati mwana! Enid anamuviika chala chachikulu chopsacho m'madzi, n'kuchimanga kansalu uku akumunyoza. Kalisto anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Enid, ndimvere. Kanema woyamba kuoneka pa wailesi ija adzakhala wa chinkhoswe chathu. Ndikulumbira."

Ndi mtsikana uti amene sakanakhulupirira? Enid anakhulupirira ndi mtima wonse, mpaka anakauza amayi ake ku Malindi kuti akonzekere alendo.

Sabata yotsatira Kalisto anapita ku Ntcheu, ati amalume ake adwalika. Atabwerako, anafika ndi wailesi ija pamodzi ndi kabokosi koonetsera kanema.

"Abwana akundivuta, Injiniya wanga. Kasoketi kaja sikanafikebe?"

"Kafika," anatero Enid, osanena kuti liti.

Kalisto anazula fulashi m'kabokosimo n'kuiponya m'thumba la malaya.

"Ukamaliza usavutike n'kuyesa. Ndikayesera ndekha ku Nkopola."

Enid anangogwedeza mutu, koma mumtima anaseka. Malemu bambo ake, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, anali ndi lamulo limodzi: chinthu sichichoka patebulo chisanayesedwe. Chikondi sichikanasintha zimenezo.

Anamasula zomangira zonse n'kutulutsa bodi yobiriwira ya m'kati mwa wailesi. Tinjira tamkuwa tinali pikitipikiti ngati mitsempha ya tsamba. Penapake m'menemo munali timadontho tiwiri, tochepa ngati chitowe, pamene a ku fakitale anasiya osalumikiza kanthu: kena kolandira chithunzi, kena ka waya wa pansi. Koma tinali titi? Zolemba zonse zimene anazipeza pa foni zinali za Chijapanizi.

Lolemba lonse linatha akugwaza kadontho ndi kadontho ndi mita yake yoyezera magetsi. Lachiwiri anawotcherera, n'kulumikiza kamakina kakale koonetsera kanema kamene ankayesera, koma sikirini ya wailesiyo inangoti bii. Lachitatu magetsi anathima m'mawa, ndipo thukuta la Okutobala linkagwera pa galasi lake lokulitsira zinthu.

"Tangomubwezera mwini wake," anatero Zena. "Wawonda nayo wailesi imeneyi."

"Amuna awiri anaikana. Ine sindikhala wachitatu."

Magetsi atayaka masana, anapeza pamene analakwitsa. Mtovu umene anawotcherera pa kadontho koyamba unkawala bwinobwino pamwamba, koma pansi unali usanagwire. Anauchotsa wonse, napala pamalopo mpaka mkuwa unaoneka. Kenako anagwira mpweya, nakhudzitsa nsonga ya chowotcherera, nawerenga mpaka katatu. Mtovu unasungunuka n'kukumbatira waya wachikasu wa kasoketi kaja. Anakumbukiranso kuti mawailesi amenewa saonetsa chithunzi pokhapokha handibuleki itakokedwa, choncho anagunditsa waya wa handibulekiwo ku chitsulo kuti wailesi iganize kuti galimoto yaima.

Tsopano panatsala kuyesa ndi kabokosi ka mwini wake. Fulashi munalibe, koma m'mbali mwake munali kamemore kadi kamene Kalisto anakaiwala. Enid anabaya waya, nadina batani.

Sikirini inaphethira, kenako chithunzi chinabwera, choyera ngati madzi a m'botolo.

"Zena! Yatheka! Bwera udzaone!"

Zena analowa akuthamanga, ndipo onse awiri anaweramira pa kasikiriniko. Munali tenti yoyera, amayi ovala zitenje zofanana, nthungululu zili pakamwa. Mtsikana wina wamanyazi anakhala pampando wokongoletsedwa, ndipo pambali pake panali mwamuna womwetulira ndi mano oyera amene Enid ankawadziwa bwino.

"Tonse tinene kuti Kalisto ndi Agatha!" anakuwa woyendetsa mwambo m'kanemamo.

Enid anayang'anitsitsa kasikiriniko. Mwina ndi zakale, anadziuza yekha. Mwina anasiyana asanakumane ndi ine. Koma wojambula anayandikitsa kamera pamene mphete inkalowa ku chala cha mtsikanayo, ndipo pa chala chachikulu cha Kalisto panali chilonda chija, chisanapole n'komwe. Chilonda cha chowotcherera chake, chimene anachimanga ndi manja ake!

Amalume odwala aja anali omwewa?

Enid analira mpaka mawu anasasa. Zinamupweteka kwambiri kuti masiku atatu onsewo ankavutikira kudzitsegulira yekha maso, ndipo anachita manyazi poganiza za amayi ake amene anali atayamba kale kuzira nyumba.

"Ipsereze," anatero Zena mokwiya. "Dontho limodzi la mtovu pamalo olakwika, basi. Akaiyatsa ikafuke utsi."

Enid anatola chowotcherera. Ankadziwa bwino pomwe akanadonthezapo, ndipo dzanja lake linaima pamwamba pa bodiyo kwa kanthawi. Kenako anachibweza pamalo pake.

"Ayi. Wandinamiza ndi iyeyo, wailesiyi sinalakwe. Mawa asadzanene kuti mkazi uja inamukanika."

Anapukuta misozi, namata waya uja ndi guluu kuti asadzagwedezeke m'mabampu a ku Nkopola, nabwezera chomangira chilichonse m'malo mwake.

Loweruka m'mawa Kalisto anafika ndi galimoto, atanyamula chambo chowamba m'pepala.

"Injiniya wanga, ndakusowa bwanji!"

"Tsegulani chitseko ndiike wailesi yanu, a Kalisto."

"Inu ameneyu wachokera kuti lero?" anafunsa akuseka, koma kusekako kunali kopanda mphamvu.

Enid analowa m'galimotomo. Anakhala kutsogolo, nalumikiza mawaya onse mosathamanga, nakankhira wailesi m'malo mwake. Mayi wa Chijapanizi uja anapereka moni wake.

"Kokani handibuleki."

Kalisto anakoka. Enid anadina batani, ndipo nthungululu zinadzaza galimoto yonse. Chambo chija chinagwera pansi.

"Enid, ndilole ndifotokoze. Makolo anandikakamiza. Mtima wanga uli kwa iwe, ndikulumbira!"

"Munalumbira kale. Munati kanema woyamba adzakhala wa chinkhoswe, ndipo ndi ameneyu. Pamenepo pokha simunaname."

"Tikhoza kukonza zimenezi, wokondedwa. Iwe palibe chimakukanika."

"Ndimakonza mawailesi, bambo. Ndipo iyi ndaiyesa, ikugwira. Chimene ndinalakwa n'chakuti inuyo sindinakuyeseni."

Anatsika m'galimotomo n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Kenako anaweramira pawindo.

"Chithunzi chimaoneka galimoto ikaima basi. Mukafuna kuona nkhope ya akazi anu, muziyamba mwaima kaye."

Kalisto anamutsatira ndi maso, akuyembekeza kuti mwina atembenuka. Enid sanatembenuke. Anamva handibuleki ikutsika, injini ikulira, ndipo nthungululu za ku Ntcheu zija zinapita zikuchepa mumsewu wa ku Nkopola mpaka zinazimiririka.

Foni yake inanjenjemera m'thumba. Sanaitulutse. Analowa m'shopu, misozi ikutsikabe, nakhala pampando wa bambo ake. Patebulo panali wailesi ya munthu wina imene inadikira sabata yonse. Enid anabaya chowotcherera ku magetsi, nadikira kuti chitenthe.