Wotsala Mmodzi

Nohemi ankafuna mnzake wogwirana naye dzanja.

M'kalasi mwake munali ana 31. Akaima awiriawiri, mmodzi ankatsala. Wotsalayo ankakhala Nohemi. Lero Nohemi, mawa Nohemi. Zinkamuwawa kwambiri.

"Usalire, mwanawe," anatero aphunzitsi a Rutilia. "31 ndi nambala yamakani. Sigawika pawiri. Koma m'mudzi muno tilipo 1,248. Taona kumapeto kwake, pali 8. Nambala ikathera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8, satsala munthu. Kaya ikule bwanji."

"Ndiye kuti mnzanga alipo?" anafunsa Nohemi.

"Alipo ndithu."

Tsiku lina masana, phiri lamoto linabangula. Nyumba zinagwedezeka. Phulusa linayamba kugwa. Linagwa pamadenga. Linagwa pamitengo ya khofi. Kunja kunada bii! Nkhuku zinakalowa m'khola.

Belu la tchalitchi linalira. Anthu anathamangira pabwalo. Ana ankatsokomola. Makanda ankalira.

"Awiriawiri!" anafuula a Fermin, oimba belu. "Gwiranani manja! Msewu sukuoneka. Wotaya dzanja asochera!"

Amayi a Nohemi anagwira mwana wawo wamng'ono. Aphunzitsi anagwira mayi wina wodwala. Mzere unatalika mpaka kumlatho. Kumapeto kunatsala mmodzi. Anali Nohemi.

"Iwe, bwera tikhale atatu!" anaitana amayi. "Fulumira!"

Nohemi sanasunthe. 

"Amayi, tilipo 1,248. Sindiyenera kutsala."

"Masamu nthawi ino?" anakalipa a Fermin. "Ukufuna tipsere pompano?"

"Ngati ndatsala, ndiye kuti wina palibe!" analira Nohemi.



"Mwanayu akunena zoona," anatero aphunzitsi. "Aliyense ayang'ane abale ake!"

Amayi anaitana amalume a Nohemi. "Achimwene, bambo muli nawo?"

"Ayi! Ndimayesa ali ndi iwe!"

Amayi anagwira kumutu. Bambo awowo, a Eusebio, agogo ake a Nohemi, samva. Belu lija sanalimve.

Amalume anathamanga. Nohemi anathamanga pambuyo pawo. Phulusa linkalowa m'maso. Phulusa linkalowa m'kamwa. Linkatentha kumapazi.

Anafika kunyumba ya agogo. Denga linali litapindika ndi phulusa. Mitanda inkalira. Agogo anali m'tulo, chipewa kumaso.

Nohemi anawagwira dzanja. Anakoka. Amalume anawanyamula. Atangotuluka, denga linagwa. Khuu!

Agogo anayang'ana mdima uja. "Kwada kale? Ndiye mwadya osandidzutsa?"

Amalume anaseka, misozi ikutsika.

Anabwerera kumzere. Nohemi anaima kumapeto. Agogo anaima pambali pake. Awiriawiri, awiriawiri, anatsika phiri. Sanatsale munthu.

Mudzi wawo unakwiririka. Khofi yense anapsa. Nkhuku sanazionenso. Anthu anakhala pansi m'sukulu ya kutauni, ali mbuu ndi phulusa. Ambiri ankalira. Zinali zomvetsa chisoni.

Amayi anabweretsa phala lachimanga lotentha. Nohemi ankamwa ndi dzanja limodzi. Agogo ankamwanso ndi dzanja limodzi. Phala linkawatayikira m'ndevu.

"Tandisiya ndimwe bwino, mdzukulu wanga," anatero agogo.

Nohemi anapukusa mutu. Anafika pakhutu pawo n'kufuula.

"Ayi, agogo! Ndakupezani movutikira!"

Ndipo dzanja lija sanalitaye.