Mtsamiro Umene Unapola Wokha

Choyamba kusowa chinali mng'alu. Ivy, mphunzitsi wochokera ku Mulanje amene ankasamala kanyumba kosungiramo zinthu zakale pa boma la Mchinji, anazindikira zimenezi Lolemba akufananiza katundu ndi zithunzi zoti zipite kwa atolankhani chionetsero chisanatsegulidwe. Pachithunzi, mtsamiro wamtengo wa Angoni unali ndi mng'alu kumwendo, womangidwa ndi waya. Pashelefu waya analipo ndithu, koma mtengowo unali wosalala ngati sunang'alukepo.

Mtsamirowo unali wa mayi Tereza a kwa Zulu, amene anaubwereketsa monyinyirika poti malemu bambo awo anatsirizikira pomwepo. Ivy anawalonjeza pamaso pa abale awo onse kuti udzabwerera monga unachokera.

Pofika madzulo nkhani inali itafika kale ku Kamwendo, akabaza akuikometsera. Ankati zinthu za akufa zakwiya ndi kujambulidwa. Mlonda, a Goliati, anachita kunong'ona.

"Amayi, pakati pa usiku mumamveka kuti khwe, khwe, ngati munthu akukoka mpando. Ine sindisuzumira. Ndili ndi ana."

Lachiwiri chipande chimene chinali chobenthuka chinapezeka chathunthu. Lachitatu m'nyumbamo munadzaza fungo la utsi ndi polishi wa nsapato, loko ali wosathyoka, mazenera ali chitsekere. Ivy analephera kudya.

"Zamizimu sazifufuza, amake Faith," anatero mwamuna wake Boniface, akumusisita pamsana. Ndiye anajambula zithunzi zija, chinthu chilichonse mbali zonse, ngakhale kunsi, ataika rula pambali, ati atolankhani amafuna choncho. Ivy ankamutama kwa aliyense, wosauka, kuti mwamuna wake ndi wosamala pantchito.

Lachinayi ananama kunyumba kuti akukachezera kumapemphero, n'kupempha a Goliati kuti amutsekere m'kati. Anakhala kuseri kwa ng'oma yaikulu. Mdima unali wandiweyani, woti sungaone chikhatho chako. Malata ankalira okha pozizira, chifukufuku chikutafuna mtengo penapake, magalimoto akuluakulu opita kumalire akulilima chapatali. Mwamantha, anadzipanikiza kung'omako.

Kenaka kiyi anatembenuka, mosafufuza, ngati wa dzanja lozolowera. Munalowa zithunzithunzi ziwiri za anthu ndi kuwala kwa foni.

"Chatsala n'chibonga basi," mmodzi ananong'ona. "Onetsa chithunzi, tione ngati ndasema molondola. Pa mtsamiro paja ndinaiwala mng'alu."

"Unatithandiza," winayo ananong'onanso. "Pano ngakhale mlonda akubisala."

"Wogula wathu wa ku Chipata akudikira. Nanga akazi ako?"

"Akupemphera. Muleke apemphere."

Kaseko kanatsatira, kotulukira m'mphuno. Ivy anali atakamva zaka khumi ndi ziwiri pamtsamiro wake womwe. Mantha onse anathera pomwepo, ndipo chimene chinalowa m'malo mwake chinapweteka koposa. Akanakonda ukanakhala mzimu. Anadziluma mkono kuti asalire, kufikira chitseko chinatsekedwanso.

Lachisanu lonse anaphika, anachapa, anasita shati ya Boniface. Akaganiza zokanena, ankayang'ana mwana wawo Faith, mawu n'kubwerera m'mimba.

Loweruka chionetsero chinatsegulidwa, atolankhani ali piringupiringu. Mayi Tereza anafika ndi abale awo, nagwada pamtsamiro paja. Anausisita nthawi yaitali, kenaka anautsamiritsa tsaya n'kununkhiza.

"Mtengo uwu sunagonerepo munthu," anatero chapansipansi, maso ali pa Ivy. "Mwanawe, bambo anga mwawaika kuti?"

"Amayi, tayang'anani kuno, mumwetulireko," anaitana Boniface kuseri kwa kamera.

Ivy anakweza dzanja pang'onopang'ono, lija lokhala ndi mphete yaukwati, ndipo analoza mwamuna wake.