Mano a Bambo Kuramochi

Mpaka lero Chinatsu akamadutsa pamalo oimika magalimoto kuseri kwa siteshoni ya sitima, amaseka yekha. Pamenepo mpamene panali bwalo lakale la besibo, masewero omenya kampira ndi ndodo, lija la mabenchi othothoka penti.

Tsiku la masewero omaliza pabwalopo iye anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo manyazi anali atamugwira kuyambira m'mawa. Bambo ake, a Kuramochi, anakwera sitima atavala chijekete chofiira chofika m'maondo, kansalu ali mange pamphumi, lipenga lili poyera m'manja. Kwa zaka makumi awiri iwo ndiwo ankaimbira lipenga ochemerera timu ya Nkhanu. Wosewera aliyense anali ndi nyimbo yakeyake. Akamapita kukamenya mpira, lipenga linkayambitsa, khamu n'kuvomera.

Chinatsu anakakhala kumapeto kwa sitima ngati sakuwadziwa. Ku bwalo nako anathawira m'mwamba, kwa anzake akusukulu.

"Madala ofiira akudumphawo si bambo ako, iwe?" anafunsa Momoka, mnzake wa m'kalasi, mkamwa muli mpunga tho.

Chinatsu anakokera chipewa kumaso, nati sakuwaona bwino. Chonsecho iyeyo ankaimba lipenga m'bandi ya pasukulu, koma amene anamuphunzitsa sankamutchula.

Gawo lomaliza linafika Nkhanu zili kumbuyo, mwayi utatsala umodzi. Womenya anali Hamaguchi, wamkulu pa onse, amene naye ankapuma mpira tsiku lomwelo. Nyimbo yake a Kuramochi anaipeka okha, ndipo sabata yonse ankangonena kuti akaiimba komalizaku, basi, mtima wawo ukhala pansi.

A Kuramochi anaimirira, nakoka mpweya, nauzira ndi mphamvu zonse. Ndiye mano awo oikirira, amene anawaikitsa mwezi womwewo, anangoti fwa! n'kuyamba kudumphadumpha pamasitepe. Lipenga linangotulutsa mphepo. Anayesanso, milomo ili lobodo, osatheka.

Ena anaseka, kenaka mbali yonseyo inati zii. Kumunsi Hamaguchi anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, koma aliyense anaona kuti akudikira nyimbo yake. A Kuramochi anaima chilili, dzanja pakamwa. Chinatsu anali asanawaonepo bambo ake akusowa mtengo wogwira chonchi, ndipo zinamupweteka.

Sanadziwe kuti wadzuka nthawi yanji. Anangopezeka akulumpha mabenchi, akuponda zikwama za anthu, chipewa chatsala kumbuyo.

"Bweretsani kuno, ababa."

Anapukuta kukamwa kwa lipengalo ndi malaya ake, nayamba. Nyimboyo inkamudzutsa m'mawa uliwonse kudzera pakhoma, ankadana nayo koopsa, koma zala zake zinkaidziwa yonse. Ng'oma ya ochemerera inalowerera, khamu linavomera, mabenchi akale aja anachita kunjenjemera. Bambo ake ankaimba nawo ndi nkhama zokhazokha, mawu osamveka n'komwe, manja ali m'mwamba.

Hamaguchi anamenya. Mpira unakwera, unakwera, anthu onse ali njo, kenaka unagwera m'manja mwa mdani pafupi penipeni ndi mpanda. Mpirawo utawakhidwa chonchi, mwayi wotsiriza uja unathera pomwepo, ndipo Nkhanu zinagonja. Koma palibe anakhala pansi. Hamaguchi anavula chisoti, natembenukira kumene kunali lipenga, nawerama kwa nthawi yaitali. Momoka ankakuwa kuuza aliyense kuti woimbayo amakhala naye desiki imodzi.

Mayi wina wogulitsa tiyi anabwera ndi mano aja m'kapu yapepala, nawapereka ndi manja awiri. A Kuramochi anawatsuka ndi tiyi yemweyo, nawabwezera mkamwa, nayang'ana mwana wawo misozi ikulengeza m'maso.

"Pakati pa nyimbo paja unathamanga, iwe," anatero.

"Inu pakati paja munafikapo?"

Bambo ake anaseka mpaka anagwiranso pakamwa kuti mano angathawe kachiwiri.

Pobwerera, Chinatsu anakhala pafupi ndi chijekete chofiira chija, lipenga lili pamiyendo pake. Bambo ake atati alilowetse m'chikwama, iye anakana.